Ntchito ya zinyalala: ganyu amathera pati, ukapolo umayambira pati?

Bambo a Tadala (Germiston): Abale, mlandu wa ku Village Deep, ku Johannesburg, uja unatha. Nzika 7 za ku China zimene zinkayendetsa fakitale ya Beautiful City zinapezeka zolakwa mu February 2025, ndipo mu September khoti lalikulu la ku Johannesburg linawapatsa zaka 20 aliyense. Kwa amene simunautsatire: mu November 2019 apolisi a Hawks pamodzi ndi a unduna wa zantchito anakalowa pa fakitaleyo n'kupeza Amalawi 91 otsekeredwa, 37 mwa iwo ana. Ambiri kuno akuikamba ngati nkhani ya mapepala ndi Home Affairs basi. Koma taonani ntchito imene ankagwira: kugaya zovala zakutha n'kupanga thonje loika m'kati mwa mabulangete. Imeneyo ndi ntchito ya zinyalala, ndipo anzathu ambiri kuno ali m'mayadi a masikirapu, a mapulasitiki ndi a makatoni. Tiyeni tiikambe.

Mayi a Chisomo (Ndirande): Zaka 20 zachepa. Ana 37, inu!

Bambo a Tadala: Mayi, mumve malipiro ake. R65 patsiku, maola 11, sabata yonse popanda Lamulungu. Chaka chimenecho lamulo la kuno linkati munthu asalandire zochepera R20 pa ola. Werengani nokha, maola 11 ndi R220. Kugona n'komweko, kutuluka pageti ayi, ndipo makina ankawagwira popanda zodzitetezera.

Che Jafali (Durban): Ndilankhule zimene ena akuopa kunena. Kodi anthuwa anachita kumangidwa zingwe kuchoka kumudzi? Anakwera okha. Munthu amene wakhala chaka osagwira ndalama, ukamuuza R65 patsiku, malo ogona aulere, amathamanga. Sindikuikira kumbuyo mabwanawo ayi, koma mawu oti ukapolo tikuwatchipitsa. Tonse kuno tinayamba ndi ntchito zonunkha.

Anti Mervis (Walsall): Che Jafali, kukwera wekha basi sikuthetsa nkhani. Pangano la 1930 la ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, limati ntchito yokakamiza ndi imene munthu akuigwira poopa chilango, asanaivomere mwa kufuna kwake. Wavomera ntchito ya m'sitolo, wafika n'kupeza makina ndi geti lokhoma, ndiye kuti chimene unavomera si chimenecho. Funso si loti unalowa bwanji. Funso ndi loti mawa ukati ndasiya, ndipatseni zanga ndizipita, chingachitike n'chiyani? Ngati yankho lake ndi kumenyedwa, kuitaniridwa apolisi, kulandidwa pasipoti kapena kuuzidwa kuti ubweze kaye ngongole ya thiransipoti imene siitha, pamenepo si ganyunso.

Che Jafali: Ndiye theka la Joni ndi akapolo.

Anti Mervis: Ayi. Ntchito yonunkha ndi ina, malipiro ochepa ndi ena, kukakamiza ndi kwinanso. Zonse ndi zoipa koma mankhwala ake ndi osiyana. Ndikuuzeni za kuno kumene ndikukhala, chifukwa anthu amaganiza kuti ku Ulaya zotere kulibe.

Mu 2019 makhoti a kuno anamanga anthu 8 a gulu la ku Poland pa mlandu umene apolisi a West Midlands ankautcha Operation Fort. Ankatola anzawo a ku Poland komweko, osowa pokhala, otuluka kundende, omwa mowa mwauchidakwa, n'kuwalonjeza ntchito yabwino ku England. Akafika ankawaunjika m'nyumba zauve ku West Bromwich, Smethwick ndi kuno ku Walsall, kenako n'kuwapezera ntchito m'mafamu, m'mafakitale ndi m'malo osankhira zinyalala, kumene munthu amaima tsiku lonse pa lamba woyenda n'kumapatula mabotolo, zitini ndi mapepala. Apolisi amakhulupirira kuti anthu ofika 400 anadutsa m'manja mwawo, ndipo gululo linapeza ndalama pafupifupi mapaundi 2 miliyoni.

Tsono mvetsetsani pamene panali chinyengo. Makampaniwo ankalipira. Malipiro ankatuluka ndithu, pa buku zonse zili bwino. Koma akaunti ya kubanki, ngakhale inali m'dzina la wantchito, khadi lake linali m'thumba la zigawengazo. Munthu ankangopatsidwa timakobiri ta fodya. Mmodzi mwa omangidwawo ankagwira ntchito m'kati mwenimweni mwa kampani yolemba anthu ntchito, ndiye ankalowetsa maina popanda womufunsa. Amene anayamba kuzitulukira ndi bungwe lolimbana ndi ukapolo la Hope for Justice, anthu ena othawa atayamba kufika kumalo olandirira chakudya chaulere. Mu 2021 atatu mwa ovutikawo anayamba kusumira kampani yaikulu ya zinyalala ya Biffa pamodzi ndi kampani imene inawalemba, ponena kuti zizindikiro zinalipo koma palibe anaziyang'ana.

Mayi a Chisomo: Ndiye kuti bwana weniweni sankadziwa?

Anti Mervis: Kapena sankafuna kudziwa. Anthu 10 olembetsa nyumba imodzi, nambala ya foni imodzi, munthu mmodzi kumawabweretsa pa galimoto m'mawa uliwonse n'kumawayankhira mafunso. Wantchito akubwera wopanda chakudya, zovala zomwezomwezo, koma pa buku akulandira bwino. Kalaliki aliyense wa malipiro akanaziona. Chimene chimapangitsa ntchito ya zinyalala kukhala yosavuta kubisamo anthu n'chakuti siifuna chilankhulo kapena satifiketi, anthu amalowa ndi kutuluka sabata iliyonse, ndipo eni kampani salemba okha, amapatsa wina kuti awapezere anthu, winayo n'kupatsanso wina.

Bambo a Tadala: Kuno winayo ndi transipota. Amakutenga kumudzi ulibe ndi tambala yomwe, akuti udzalipira ukayamba ntchito. Pofika kuno bwana wamulipira kale, ndiye ngongole yako yasamukira kwa bwana. Iwe sunaone pepala lililonse, sudziwa kuti ndi zingati, umangouzidwa kuti sinathe.

Aphunzitsi Nkhoma (Area 25): Ndalowa mochedwa, ndinali ndi mayeso oti ndichonge. Ndikufuna tibwere kumudzi, chifukwa tikamaloza Joni ndi England timaiwala kuti njira imeneyi ife timaidziwa kalekale. Thangata m'minda ya azungu ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje anali chomwecho: ukhale pa malowa, ulipire ndi thukuta. Ndi chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Utenanti wa m'minda ya fodya unali chomwechonso, mwini munda akukongoza chimanga ndi feteleza, pogulitsa fodya n'kukuuza kuti watsala ndi ngongole. Nyumba ya malamulo inathetsa utenanti mu 2021 posintha lamulo la zantchito.

Malamulo tili nawo. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsanso, ndipo limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito pepala lofotokoza malipiro, maola ndi zina. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa pa ntchito yoika moyo pachiswe. Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 lili ndi chilango chofika zaka 14, ndipo ngati wozembetsedwayo ndi mwana, zaka 21. Koma malamulo onsewa amayamba ndi funso limodzi: bwana wako ndani? Pitani kumtaya wa Mzedi ku Blantyre kapena wa ku Area 38 kuno, mufunse mayi amene akutola mabotolo kuti bwana wake ndani.

Mayi a Chisomo: Aphunzitsi mwandifika pamtima. Mchemwali wa amuna anga amatola mabotolo a pulasitiki ndi zitsulo. Bwana alibe, inde, koma ali ndi wogula. Wogulayo ndi amene ali ndi sikelo, ndi amene amatchula mtengo, ndipo ndi amene amati thumba ili lanyowa ndichotsapo makilo awiri. Mwana atadwala anamubwereka ndalama ya kuchipatala. Kuyambira pamenepo sangagulitse kwa wina, ngakhale wina akugula mokwererapo, chifukwa anyamata a wogulayo amamuona. Ngongoleyo imalembedwa m'kope la wogula, iye sanalionepo. Che Jafali, amenewa tiwatche chiyani? Geti palibe, mpanda palibe.

Che Jafali: Amenewo ndi katapila, mayi, si ukapolo. Koma ndavomera kuti n'kudyerana masuku pamutu.

Anti Mervis: Dzina musankhe nokha, koma ngongole yomangirira munthu pa ntchito ili pa mndandanda wa zizindikiro 11 za ntchito yokakamiza zimene ILO inatulutsa, pamodzi ndi kusunga malipiro, kulanda ziphaso, kuopseza ndi kutsekera. Chizindikiro chimodzi pachokha sichitsimikiza, koma ngongole kuphatikiza anyamata olondalonda, pamenepo nkhani yakula.

Achimwene a Ngolo (Lilongwe): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete chifukwa ine ndiye bwana amene mukumunenayo. Ndili ndi kalole kamodzi ndi anyamata ochepa, timatenga zinyalala m'makomo mwa anthu n'kukataya kumtaya. Ndiloleni ndinene mbali yanga. Nyumba zimalipira pa mwezi, ndipo ena mwa inu muli pagulu pano mumalipira pa 20 mwezi winawo, mutatizemba kawiri. Dizilo salandira pepani. Ndikakweza mtengo pang'ono, mawa mwapatsa mnyamata wa wilibala amene amakataya mu Lingadzi usiku. Magolovesi ndi magambuti ndinagula, sabata isanathe ena anali pamsika. Ndiye mukamati pepala la mgwirizano, inshulansi, tchuthi, ndimafunsa kuti ndalama yake ichokera kuti?

Aphunzitsi Nkhoma: Achimwene, zikomo polankhula poyera. Ndikufunseni zitatu. Zitupa za unzika za anyamata anu zili kuti? Malipiro mumapereka m'manja mwa aliyense kapena kudzera kwa kapitawo? Wina akasiya pakati pa mwezi, masiku amene wagwira mumamupatsa?

Achimwene a Ngolo: Zitupa ndimasunga ine. Musadumphe, ndifotokoze. Anyamatawa amalowa m'mipanda ya anthu. Tsiku lina wina anatuluka ndi foni ya kasitomala n'kusowa, amene anatukwanidwa ndine. Chitupa ndiye chikole changa. Malipiro amagawa kapitawo chifukwa ndi amene amadziwa amene wabwera ndi amene wajomba. Wosiya popanda kutsanzika sindimupatsa kanthu.

Mayi a Chisomo: Iii achimwene!

Anti Mervis: Musamuwowoze, wanena zimene mabwana ambiri amachita osanena. Achimwene, palibe akuti ndinu a Village Deep. Koma zitatu mwatchulazo ndi zitseko zomwe zija. Chitupa jambulani, chenichenicho mubwezere mwini wake. Wakuba sabwerera chifukwa cha chitupa, amakalembetsa china kuti chinatayika. Amene mwamumanga ndi wokhulupirika uja, amene sangakatenge ndalama kubanki, sangakalembetse simu, sangakafunsire ntchito kwina. Za kapitawo ndiye ndikuchenjezeni kwambiri. Mukudziwa bwanji kuti zimene mumapereka zimafika zonse? M'malo ambiri wolemba maina amadula yake pa mutu uliwonse, ndipo wantchito sanena chifukwa mawa dzina lake silidzatuluka.

Achimwene a Ngolo: Kapitawo wanga ndi mlamu wanga.

Che Jafali: Ndiye mwamaliza kutiyankha, akulu.

Aphunzitsi Nkhoma: Tisaseke kwambiri, mfundo yawo ya mtengo ndi yoona. Zinyalala aliyense amafuna zichoke koma palibe amafuna kulipira, ndiye kutchipa kwake kumagwera pa msana wa wonyamula. Zimenezi n'chimodzimodzi pa matenda a makhonsolo, zipatala, misika ndi makampani: akasankha wotchipitsitsa osafunsa kuti antchito ake alandira zingati, asankha kale kuti wina aponderezedwe. Munthu akapereka mtengo woti ngakhale malipiro ochepetsetsa a boma sangakwane, woyang'ana matendayo ayenera kudabwa, osati kusangalala. Ndikanakhala ine, m'pepala la tenda ndikanalembamo kuti wopambana aonetse maina a antchito ndi umboni wa malipiro mwezi uliwonse, asapatsire ntchitoyo kwa wina popanda chilolezo, ndipo wopereka tenda akhale ndi ufulu wolankhula ndi antchito kapitawo palibe. Chomalizachi ndiye chachikulu. Woyendera akafika n'kumafunsa anthu bwana ataima pambali, aliyense amati zonse zili bwino.

Za magambuti ogulitsidwa: munthu amagulitsa nsapato za ntchito pamene malipiro achedwa. Lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pa ntchito limaika udindo pa wolemba ntchito, ndipo wina akabayidwa ndi jakisoni wa m'zinyalala kapena kudulidwa ndi galasi ali pa ntchito, lamulo la chipukuta misozi la 2000 lidzafunsa inuyo, achimwene, osati kasitomala wochedwa kulipira uja.

NaBanda (Pretoria): Ndiwonjezere za otola opanda bwana aja, chifukwa kuno zinasunthako. Anthu okoka matrole m'misewu ya Johannesburg ndi Pretoria, ambiri a ku Lesotho, Zimbabwe, Mozambique ndi kwathu, ndi amene amatola gawo lalikulu la mapepala ndi mapulasitiki obwezeredwa m'mafakitale. A bungwe la boma la kafukufuku la CSIR anayerekeza kuti m'dziko muno alipo pakati pa 60,000 ndi 90,000, ndipo amapulumutsira makhonsolo ndalama zokwana mamiliyoni mazanamazana a marandi pachaka chifukwa mitaya sidzaza msanga. Kwa zaka zambiri ankangothamangitsidwa, matrole n'kulandidwa. Atapanga mabungwe awo, South African Waste Pickers Association ndi African Reclaimers Organisation (ARO), boma linatulutsa ndondomeko yowavomereza mu 2020, ndipo malamulo a 2021 amati makampani opanga mabotolo ndi zokutira katundu azilipirako otola olembetsedwa pa ntchito yotolayo, kuwonjezera pa mtengo wa kilo. Sizikuyenda bwino paliponse, ambiri ndalamayo sanaione, makamaka opanda mapepala. Koma ARO sinasankhe mtundu polemba mamembala, ndipo akagulitsa pamodzi wa sikelo amachita manyazi.

Ku Pune, ku India, anapita patsogolo. Amayi otola zinyalala anapanga bungwe lawo mu 1993, khonsolo inawapatsa ziphaso, ndipo kuchokera mu 2008 kopaletivi yawo ya SWaCH imatenga zinyalala khomo ndi khomo, eni nyumba n'kumalipira mayiyo mwachindunji. Pakati palibe munthu.

Mayi a Chisomo: Zimenezo zikanatithandiza. Amayi 20 atasonkherana n'kugula sikelo yawo, ayeze okha asanapite kwa wogula. Ndipo banki mkhonde ikhale yobwereka pa matenda, kuti asamakagwade kwa wogula yemweyo.

Che Jafali: Makopaletivi ndawaona ambiri. Chaka chisanathe msungichuma wagula njinga yamoto, tcheyamani wasanduka kapitawo watsopano. Mukungosintha dzina la wodya.

NaBanda: Zimachitika, sindikana. Kusiyana kwake n'koti tcheyamani mungamuchotse ndi mavoti, wa sikelo simungamuchotse.

Achimwene a Ngolo: Chabwino, zitupa ndibweza Lolemba, ndasunga kale zithunzi zake. Malipiro ndikhoza kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba kwa aliyense, ngakhale mlamu andikwiyira. Koma za wosiya popanda kutsanzika sindinagonje. Amandisiya ndi zinyalala za nyumba 60 m'mawa, makasitomala akuimba foni. Ndimupatsenso mphoto?

Aphunzitsi Nkhoma: Si mphoto, ndi masiku amene wagwira kale. Za kutsanzika lembani m'pepala lija kuti notisi ndi masiku angati mbali zonse ziwiri, inunso musamachotse munthu m'mawa ndi mawu a pakamwa. Akaphwanya, kuli ofesi ya zantchito ya boma, ndipo zikakanika kuli khoti la Industrial Relations. Mukagwira malipiro onse nokha, ndiye kuti mlandu mwaweruza nokha.

Anti Mervis: Pa za foni musamale chinthu chimodzi, kumbukirani makhadi a ku West Midlands aja. Muonetsetse kuti dzina lotuluka potumiza ndi la wantchitoyo, ndipo foniyo ili m'manja mwake. Mukaona anyamata atatu akupereka nambala imodzi, akuti ya amalume, funsani amalumewo ndi ndani.

Bambo a Tadala: Tibwerere kuno pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti ena akuwerenga ali m'mayadi ndipo sangalembe. Munthu ali m'yadi ya masikirapu, pasipoti ili kwa bwana, masiku anatha kalekale. Akapita kupolisi, amene ayambe kukwera galimoto ya ku Lindela, kosungira alendo oti abwezedwe kwawo, ndi iyeyo. N'chifukwa chake anthu amapirira. Tiwauze chiyani?

NaBanda: Pali zinthu ziwiri zimene ambiri sadziwa. Khoti la zantchito kuno linagamula mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchitobe pamaso pa lamulo, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito. Malipiro ake sangafe chifukwa cha mapepala. Chachiwiri, lamulo la kuno la 2013 lothana ndi kuzembetsa anthu limaona wozembetsedwa ngati wolakwiridwa wofunika chitetezo. Koma kunena zoona, wapolisi wa pa kauntala si nthawi zonse amaziona choncho, amayamba ndi kufunsa pasipoti. Ndiye musapite nokha. Yambani ndi mabungwe a maloya othandiza alendo ngati Lawyers for Human Rights, kapena oyendera a unduna wa zantchito, kapena mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti amene angakuperekezeni. Ndipo musanachite chilichonse, wina wa kunja adziwe dzina la msewu ndi maonekedwe a geti.

Che Jafali: Mlandu wa ku Village Deep unatenga zaka pafupifupi 6. Pa zaka zonsezo mboni imadya chiyani? Ndipo R155 ya tsiku lililonse imene ankaberedwa ija, zaka 20 za kundende zimubwezera ndani?

Anti Mervis: Pamenepo ndiye tagwirizana koyamba lero. Kumanga bwana ndi kubweza ndalama ya wantchito ndi milandu iwiri, ndipo wachiwiriwo umaiwalika kulikonse, kunonso.

Mayi a Chisomo: NaBanda, munditumizire kumbali mmene amayi a kumeneko analembetserana, ndikufuna ndikawerengere alamu anga ndi anzawo Loweruka. Achimwene a Ngolo, sikelo yopachika ya makilo 100 ikugulitsidwa zingati ku Lilongwe? Kuno ku Limbe ndafunsa sitolo imodzi yokha.

Achimwene a Ngolo: Ndidutsa ku Malangalanga mawa, ndikufunsirani. Mugule ya wotchi, osati ya batire, ya batire imafa ndi fumbi la kumtaya.